Chaka Chimene Ndinapha Katsitsumzukwa wa Abambo

Ndimaionabe mizere isanu ndi umodzi ija ya katsitsumzukwa kuseri kwa nyumba ya kumayadi ku Bulawayo, mphukira zonenepa ngati chala chachikulu zikuboola dothi lonunkha manyowa a ng'ombe, mphepo ya Ogasiti ikutithira fumbi m'maso. Abambo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo dimba limenelo analisamala kuyambira ine ndisanabadwe. Tinkagona m'kachipinda ka antchito kumapeto kwa yadi, kamene aliyense ankangoti khaya. Ntchito ikatha, khaya nayonso yatha. Zimenezi ngakhale mwana ankazidziwa.

Lamulo la abambo pa mbewuyi linali limodzi. Mphukira zikayamba, udule milungu isanu ndi umodzi basi, kenako ubise mpeni. Zotsalazo zikule mpaka m'chifuwa, zichite ziyangoyango, zimwe mvula yonse ya dzinja, udzazisadze mu Juni zikauma ndi chisanu. Ankati masambawo ndiwo amadyetsa mizu, ukawamana mpata chaka chamawa udzakolola mphepo.

Ufulu utabwera, azungu a nyumbayo analongedza n'kupita ku Joni, ndipo nyumbayo inagulidwa ndi bwana wina wakuda. Tinasangalala, kupusa kwathu! Tinkati abale afika. Koma adona atsopanowo, pakamwa pawo panali lumo. Katsitsumzukwa anamulawira m'nyumba momwemo, koma pofika Okutobala ankamufuna tsiku ndi tsiku, kuti alendo aone kuti nawonso amadya zachizungu. Abambo atawafotokozera, chipewa chili m'manja, kuti mbewu iyenera kupuma, adonawo anakalipa m'Chindebele mpaka oyandikana nafe kusuzumira pampanda: "MaNyasaranda ulesi! Mzungu munkamudulira, ine ndiye muzindiwerengera masiku? Mukapumire kwanu!"

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mawu akuti kwanu anandilowa m'mafupa, chifukwa kwathu kumene ndinkakudziwa kunali khaya yomweyo. Abambo anakanitsitsa kudula. Ndiye ndinadula ine. M'mawa uliwonse, iwo akamatsuka galimoto kutsogolo, ndinkatenga kampeni ka amayi, n'kuthothola mphukira iliyonse yongotulutsa mutu, n'kuzisiya pakhomo la khitchini ndisanathamangire kusukulu. Novembala yense, Disembala, mpaka Januwale, nsapato zili matope okhaokha. Adona anasiya kukalipa. Anandiponyeranso diresi lakale la mwana wawo, ine n'kumayenda mwamatama kuti ndapulumutsa banja. Abambo ankaima pamizere yopanda kanthuyo n'kumaiyang'ana, ine n'kumaganiza kuti akukayikira wophika wa m'nyumbamo.

Ogasiti wotsatira atafika, mizere inatulutsa timphukira toonda ngati udzu wa tsache, towawa, ndipo mizere iwiri inangoti zii. Adona sanafunse kanthu. Anati abambo athirapo mankhwala mwadala, poti anthu a ku Nyasa ndi afiti. Anatipatsa masiku atatu. Tinakweza mphasa, mapoto ndi mbaula pangolo yokankha, ulendo wapansi wa ku Magwegwe, komboni ya mumzinda womwewo, kumene mnzawo wa abambo anatibwereka chipinda chimodzi.

Panjira ndinaulula, mamina ali chuchuchu. Abambo sanaimitse ngolo. "Ndinkakuona, mwanawe," anatero. "Ndikanakuletsa, akanatithamangitsa chaka chatha."

Ndiye kuti mwezi ndi mwezi ankandiyang'ana ndikupha mizu imene anaibzala ndi manja awo, n'kungokhala chete kuti ife tigone pansi pa denga chaka china chimodzi. Dimba lina sanalipezenso. Anakalamba akulondera pageti pa fakitale, ndipo kuseri kwa nyumba ku Magwegwe sanabzaleko ngakhale tomato.

Anthu amati ndikhululuke, zinapita kalekale. Ayi ndithu. Mkazi wa bwana uja sindinamukhululukire, ndipo sindikufuna. Anaona mbewu, anaona munthu, zonse anaziyesa zongodula. Koma amene amandisowetsa mtendere kwambiri ndi kamtsikana kaja ka diresi lopatsidwa. Mpaka lero ndikaona katsitsumzukwa m'sitolo, atamumanga mitolomitolo, ndimaona kuonda kwa mphukirazo n'kudziwa kuti mundawo sanaupumitse, ndipo dzanja langa lamanja limayamba kuyabwa pamene pankakhala kampeni ka amayi.