Gondolosi m'thumba la ovolosi

Ntchito ya m'gadeni ku Faerie Glen, kuno ku Joni, anandipezera ndi apongozi anga, mayi ake aang'ono a mkazi wanga, amene ankachapa ndi kusita m'nyumba yomweyo. Kwathu mkamwini sacheza ndi apongozi maso ndi maso, ndiye tinkakhala mpanda umodzi koma mozembana. Iwo akatuluka kukayanika zovala, ine ndinkapeza chochita kuseri kwa galaja. Tiyi ankangondiikira pa sitepe n'kubwerera.

Madamu athu ntchito yawo inali yofufuza mankhwala m'zomera. Masamba ndi mizu ankayanika, kupera, kuviika m'mabotolo, kuti apeze chenicheni chimene chimachiritsa m'katimo. Munthu wabwino, koma mafunso ake, abale! Akaona kaudzu kachilendo ankagwada pomwepo ndi diresi la kuntchito.

Ine ndinali ndi changa chobisa. Zaka zinali zitapita m'banja mwathu mopanda mwana, ndipo kwathu onse ankaloza chala mkazi wanga. Anamumwetsa zowawa za asing'anga, alongo anga n'kumamunena ngakhale pamaliro, ine duu. Koma mumtima ndinkadzikayikira ndekha. Disembala atayandikira, nyengo yopita kumudzi, ndinaitanitsa gondolosi kudzera kwa adalaivala a basi, muzu uja amuna amati umalimbitsa msana. Ndinkatafuna mobisa uku ndikuthirira maluwa.

Tsiku lina ndikuwerama kuti ndizule udzu, muzu unapulumuka m'thumba la ovolosi n'kugwera pamapazi pa madamu penipeni. Anautola, kuununkhiza, chimwemwe chokhachokha. Akuti kuno ku Joni ukusowa, anthu anaukumba mpaka kutsala pang'ono kutha. Mafunso anayamba kugwa, Chingerezi changa n'kuthera panjira. Basi madamu anatembenukira kukhitchini n'kuitana apongozi kuti adzamasulire.

Mayo ine!

Apongozi anabwera akupukuta manja. Atauona muzuwo anakhala pa sitepe chammbali, nkhope italoza kumpanda.

"Akufunsa kuti mumadyera chiyani," anatero.

Ndinati umathandiza m'mimba. Anamasulira.

"Akuti iwo anamva kuti amuna amadyera zina. Ndi zoona?"

Ndinavomera ndi mutu, maso ali pa nsapato.

"Akufunsa kuti mwayamba liti, ndiponso ngati mukuona kusintha."

Eish. Zinthu zoti ngakhale mnzanga wa kumowa sindingamuuze, ndizinene kwa apongozi, masana dzuwa likuswa mtengo? Ndinang'ung'udza zosamveka. Madamu, osadziwa kanthu, anafunsanso kuti ndili ndi ana angati. Limenelo apongozi sanandipatsire, anayankha okha.

Madamu analankhula motsitsa mawu.

"Akuti palibe amene watsimikiza kuti muzuwu umabereketsa," anatero apongozi. "Akuti mwana akamasowa m'nyumba, kuchipatala amayeza mbewu ya mwamunanso. Samangogwira mkazi yekha n'kumamumwetsa makungwa ngati mbuzi yodwala."

Za mbuzizo sindikhulupirira kuti zinachokera kwa madamu.

Madamu anapempha kachidutswa ka muzuwo, anathokoza kwambiri, n'kulowa m'nyumba. Apongozi sanadzuke.

"Bambo," anatero, "ndiye kuti munkadzikayikira nthawi yonseyi? Mwana wanga ankalira pamiyendo pangapa, inu muli chete?"

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo sanali a gondolosi ayi.

"Lolemba mupite kuchipatala. Kwa madamu ndikupempherani chilolezo ndine."

Ndinapita, ku chipatala china cha ku Mamelodi kumene kunalibe wondidziwa. Anandiyeza, anandiitananso, anandiyezanso. Vuto linali ine.

Ndinamuimbira foni mkazi wanga nditakhala pa wilibala kuseri kwa galaja. Ndinkayembekeza kuti akalipa, mwinanso kutukwana, ndipo zikanandipepukira. Koma nditamuuza zonse sanakalipe. Anangofunsa ndi mawu aang'ono:

"Ndiye ndisiye kumwa zowawa zija?"