Funso la mayi Bernadetta

Bambo Mfumu anandipempha kuti ndilembe mbiri ya mayi Bernadetta a mphakati wathu wa kwa Kalembo, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ndinavomera msanga poganiza kuti ndi ntchito yophweka. Tsopano mutu wanga waima, ndipo muona chifukwa chake.

Mayiwa anabadwira kwa Mposa, m'banja la Chikatolika. Sukulu sanapite nayo patali, koma katekisimu ankamudziwa ngati njira ya kudimba. Atakwatiwa anasamukira kuno ku Balaka, ndipo nyumba yawo inayandikana ndi ya mayi Maryam, Msilamu. Awiriwa ankabwerekana mchere ndi makasu, ankaitanana kuti achemwali.

Mwana woyamba wa mayi Bernadetta, amene anali atamukonzera dzina loti Noah, anabadwira kunyumba ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Mayi Bernadetta anali atakomoka. Pamene ankatsitsimuka, amayi a m'mudzi anali atakamuika kale mwakachetechete, monga zimakhalira ndi khanda lotere. Mwanayo sanabatizidwe. Kuyambira pamenepo mayiwa anakhala ndi funso limodzi: kodi Noah ali kuti?

Anafunsa wansembe aliyense amene anatumikira parishi yathu. Wina wachikulire anati ana otere ali ku malo opanda ululu, koma Mulungu samuona. Wina wa pambuyo pake anati Mpingo umawasiya m'chifundo cha Mulungu. Mayi Bernadetta ankathokoza, n'kutuluka, n'kudzandigwira mkono panja.

"Nanga mwamva inu? Ali kwa Mulungu kapena iyayi?"

Ine ndinkangoti tiyeni tizipemphera.

Chisoni chimenechi n'chimene chinawaphunzitsa uzamba. Anachiritsa amayi ambiri, Akhristu ndi Asilamu omwe, osasankha. Boma litaletsa azamba, anamvera, koma anapitiriza kuperekeza amayi apakati kuchipatala, nthawi zina akuthamanga pambuyo pa kabaza ndi ukalamba womwewo. Misa sankajomba. Kutchalitchi ankasesa ngakhale pamene ena asesa kale, mpaka tinkawaseka kuti adzatha simenti. Ankakonda kunena kuti, "Mwana asapite chimanjamanja."

Mawu amenewa anali ndi chinsinsi chake. Kale, mayi Maryam atabereka mwana wamwamuna, Bilali, khandalo silinalire. Mayi Bernadetta anaona kuti likupita. Anatembenukira kukhoma, n'kutunga madzi m'beseni ndi chikhatho, n'kulibatiza mwakachetechete. Kenaka khandalo linayetsemula, n'kulira, n'kukhala moyo. Lero a Bilali ndi bambo wa ana ake, ndipo ndi iwo amene amaitanira anthu ku mapemphero pa mzikiti wa pamsika.

Nkhaniyi inawasautsa mayiwa zaka zonse. Akamva mawu a a Bilali masana, ankasiya khasu. Anandiuza okha kuti sakudziwa ngati anamupulumutsa mwanayo kapena anaba mwana wa mnzawo. Sankadziwanso ngati Mulungu amamuwerengera kwa ife kapena kwa Asilamu. Wobatizidwa akuitanira ku mzikiti, mwana wa mayi wopemphera Kolona anapita wopanda ubatizo. Ankati akafika pamenepa maganizo amawathera.

Matenda atawagwira chaka chino, analandira masakramenti onse mwamtendere. Tsiku lomaliza, dzuwa lili paliwombo, anaitanitsa mayi Maryam. Ine ndinali pomwepo ndi mwana wamkazi wa mayi Bernadetta, Lilian. Mayi Maryam anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pamphasa.

"Achemwali, ndinakulakwirani," anatero mayi Bernadetta. "Bilali ndinam'batiza tsiku lomwe anabadwa. Ndinkaona ngati akufa."

Mayi Maryam anakonza mpango wawo.

"Ndinakuonani," anayankha. "Mumayesa ndinali m'tulo? Ndinaona madziwo."

"Ndiye osanena zaka zonsezi?"

"Ndikanati chiyani? Inu munali ndi madzi, munapereka madzi. Nanenso ndili ndi yanga. Noah wanu anapumira m'manja mwanga, inu mutakomoka. Panalibe mwamuna pafupi woti achite mwambo wathu. Ndiye ndinam'nong'oneza ndekha dzina la Mulungu m'khutu, monga timachitira ndi ana athu. Ndinkaopa kukuuzani, kuti mwina mudzati ndinamulowetsa Chisilamu."

Mayi Bernadetta anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Ine mtima unali m'malere, chifukwa sindinkadziwa ngati akwiya kapena alira.

"Anamva?" anafunsa.

"Anatsegula maso."

Mayi Bernadetta anagwira dzanja la mnzawo ndipo sanalisiyenso. Anamwalira madzulo a tsiku lomwelo, nkhope ili yowala, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Ndinakafunsa Bambo Mfumu kuti ana awiriwa tiwaike mbali iti. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kunena kuti Mulungu samangika ndi malire amene ife timaona, ndipo ndilembe zimene ndinaona basi. Ndalemba. Ndikuvomera kuti funso la mayi Bernadetta ine sindingaliyankhe, ndipo likundisautsabe. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi awiri, aliyense ali ndi mwana wa mnzake m'manja, anapereka chinthu chopatulika kwambiri chimene anali nacho.

Pa maliro, a Bilali anali m'gulu la amuna amene ananyamula bokosi kuchokera kunyumba. Atafika pakhomo la tchalitchi anaima, anzawo n'kuima nawo. Kenaka a Bilali anavula nsapato, n'kulowa nalo mpaka kuguwa.

Mzimu wa mayi Bernadetta uuse mu mtendere, ndipo akamupeze Noah wawo.