Andichotsa pagulu chifukwa chopempha nthanga za maungu

Andichotsa pagulu la pa Watsapu la anthu olima kuseri kwa nyumba. Mlandu wanga ndi woti ndinapempha nthanga za maungu.

Mayina sinditchula. Poti nkhani ndi ya kumunda, aliyense ndimupatsa dzina la chomera chimene amafanana nacho. Eni ake adzizindikira.

Gululi ndi la anthu a ku Balaka ndi ku Machinga: aphunzitsi, anamwino, amalonda, aliyense ndi kadimba kake. Anandilowetsamo ndi mkazi wanga Mphatso. Lamulo lalikulu ndi loti mbewu sitigulitsana. Ukalandira kwa mnzako, ukakolola umagawirako wina. Mphatso anali ndi mtundu wa dzungu umene anatenga kwa amayi ake kwa Kalembo, lakhungu lotuwa la tiziphuphu, mkati mouma ngati mbatata. Nthanga zake ankapatsa aliyense wopempha, ena kuwatumizira pa minibasi mpaka ku Ntaja. Pagulu ankangoti dzungu la Mphatso.

Mphatso anamwalira mu Juni. Maungu amene anasunga anaphikidwa pamaliro, nthanga n'kutayidwa kudzala, nkhuku n'kumaliza. Sindinaziganizire. Mutu unali kwina.

Lolemba lapitali, nditaona mitambo yayamba kusonkhana, ndinalemba pagulu kuti amene ali ndi nthanga za dzungu la Mphatso andigawireko zodzaza dzanja, ndidzatenga ndekha.

Oyamba kuyankha anali a Chisoso. Awa ndi bambo amene nkhani iliyonse amaikakamira, ukangodutsa pafupi ufika nawo kunyumba ali pathalauza. Anati: "Achimwene, mukufuna nthanga kapena wophika maunguwo? Nenani, kwa Nsamala kuno alipo ambiri." Anthu n'kuponya tinkhope toseka.

Kenaka Mayi Chitedze, amene sangakudutse osakusiyira zoyabwa. Iwo anati mbewu ya malemu siidzalidwa chaka chomwecho. Wina anafunsa kuti zimenezo anazimva kuti. Anati kwawo. Anawafunsa kuti kwawo ndi kuti. Pofika masana anthu anali akukangana za mitundu, za mapemphero, mpaka za mpira. Wina anapezerapo mpata wotsatsa nkhunda. Za nthanga, zii.

Madzulo ndinalandira uthenga wapandekha kuchokera kwa a Kaufiti. Alimi mukumudziwa kaufiti: kaluwa kokongola, koma mizu yake imayamwa pa chimanga cha wina. Awa amagulitsa mbande ndi mbewu ku Nkaya, pafupi ndi njanji. Anati ali ndi dzungu loposa limene ndikufunalo, n'kunditumizira chithunzi cha paketi. Dzina lake ati Golide wa ku Joni.

Papaketipo pali dzungu lodula pakati, munthu atalinyamula. Nkhope anaidula. Dzanja anasiya. Mphete ili padzanjapo ndinagula ndine. Chithunzicho ndinajambula ndine, pakhonde pathu, Mphatso akundiuza kuti ndifulumire chifukwa dzungu likulemera. Mphatso yemweyo anachiponya pagulu tsiku lomwelo.

Ndinaimbira adimini. Awa ndi a Nkhadze, mpanda umene mbuzi zimadutsa momasuka, koma mwini munda akangoukhudza, utomoni m'maso. Ndinafotokoza modekha. Anati, "Pepani ndi zovutazo, bambo, koma pagulu pathu timapewa mikangano." Ndinati sindikukangana, ndikunena za lamulo lawo lomwe loletsa kugulitsana mbewu. Anati a Kaufiti ndi membala wakale, ndipo maungu amafanana. Ndinafunsa ngati manja amafanananso. Anati ali mumsonkhano.

Lachiwiri m'mawa ndinaika zithunzi ziwiri pagulu, cha Mphatso ndi cha paketi, moyandikana. Sindinatukwane. Ndinangolemba kuti onani. Tiyi asanazizire m'kapu, zithunzi zafufutidwa. Kenaka gulu latsekedwa, olemba ndi adimini okha. Kenaka ine panja. Chifukwa chake anachita kundilembera: "Gulu lino ndi la mbewu, osati la maliro."

Choncho nthabwala za a Chisoso ndi za mbewu? Nkhunda zija ndi mbewu? Mpira umamera pa phando liti? Pagulu lonselo udzu wofunika kuzula munaona ndi ine?

Mvula siidikira adimini. Lachinayi ndinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Nkaya. A Kaufiti sandidziwa nkhope, ndiye anandilandira ngati kasitomala wina aliyense.

"Bwana, iyi ndi mbewu yakunja. Yapamwamba. Koma musasunge nthanga zake, siibereka kawiri. Chaka chilichonse muzibwera kuno."

Ndinafunsa ngati si dzungu wamba la kumudzi.

"Iyayi bwana, lakumudzi lingaoneke chonchi?"

Ndinaloza dzanja lija n'kufunsa kuti ndi la ndani.

"Aaa, ameneyo ndi wa pa intaneti basi."

Ndinalipira K3,500 pa nthanga zosakwana kudzaza supuni yaikulu. Anandiuza kuti ndiwalimbikitse madamu azithira manyowa. Ndinati ndamva.

Dzulo ndadzala pamalo pomwe Mphatso ankadzala, kuseri kwa bafa kumene madzi amatsikira. Koma sindikudziwa chimene ndadzala. Munthu wonama dzina akhoza kunamanso zam'kati. Ngati wasakaniza ndi maungu ena, ndidzazindikira cha mu Malichi, nthawi yodzala itapita kale, ndipo amayi ake a Mphatso nawo mbewuyi inawathera kale chaka china cha chilala.

Ndiye ndikulemba pano, patsamba langa, poyera, pamene a Nkhadze alibe kiyi. Inu amene munalandira nthanga kwa Mphatso, ndikudziwa kuti mulipo, ena munabwera kumaliro. Mwina pagulu munaopa kuti a Chisoso akumatirirani. Chabwino. Ndilembereni kumbali. Sindidzatchula dzina lanu, ngakhale la udzu. Ndikufuna zodzaza dzanja limodzi mvula isanakhazikike.

Inu ena amene muli m'magulu otere, musanaponye chithunzi cha zokolola zanu, yambani mwaona kuti mpanda wake ndi wotani.

A Nkhadze, musavutike kundibwezera pagulu. Funso langa ndi limodzi, ndipo mungayankhe mukatuluka mumsonkhano: lamulo lija munalichotsa liti, ndipo munauza ndani?

A Kaufiti, ndalama ija idyeni. Dzina la Golide wa ku Joni likhale lanu, ndinu munalivutikira. Koma Loweruka ndikubweranso ku Nkaya, ndipo ulendo uno ndidzadzitchula dzina. Ndikapeze mutachotsa dzanja la mkazi wanga pamapaketi anuwo.