Tsiku limene anandiletsa kumuyankhira Dalitso

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinaphunzitsidwa kutseka pakamwa, ngakhale abale anga mpaka lero amati phunzirolo linalowa theka. Tinkakhala ku Kabwata. Amayi ankalawirira ku City Market kukagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, choncho mlongo wanga wamng'ono Dalitso anakulira kumsana kwanga. Mutu ukakula sulewa nkhonya: kumusambitsa ine, kumudyetsa ine, kumulankhulira inenso.

Dalitso anakwanitsa zaka zinayi asanatulutse mawu oposa awiri kapena atatu. Ine sindinkaona vuto. Akaloza chinthu ndinkadziwa kale chimene akufuna, ndipo mlendo akamufunsa dzina, yankho linkatuluka m'kamwa mwanga funso lisanathe. Koma anthu anayamba kunong'ona kuti mwanayo ndi wosalankhula. Atate anagamula kuti sukulu ya mkaka ya ku Chilenje ikamukana, apite kumudzi ku Katete akakhale ndi azakhali. Ndinalira mobisa, chifukwa sindinkadziwa kuti tsiku limatha bwanji popanda iye.

Tinapita atatu kusukuluko: amayi, ine ndi Dalitso, atavala nsapato zofiira zimene amayi anamusankhira mu belo. Mphunzitsi wake anali mayi wa Chibemba, ba Mulenga, wamfupi ndiponso wosafulumira pa chilichonse. Sanatikhazike pamipando. Anakhala pamphasa pafupi ndi Dalitso n'kumukhuthulira zitsekero za mabotolo kuti aziseweretsa.

"Shani, mwana wanga. Ndiwe ndani zina?" anamupatsa moni wa Chibemba n'kumufunsa.

"Ni Dalitso," ndinayankha ine. "Samakamba na bantu, koma amvela vonse."

Dalitso analoza kumapazi kwake, ine n'kulumphirapo kale: "Akuonesani nsapato zake. Azikonda maningi."

Ba Mulenga anandiyang'ana mosakwiya. "Iwe Misozi, nkala apa pafupi na ine. Ukakamba futi, uyenda panja."

Manyazi anandigwira, mkwiyo n'kubwera pambuyo. Mayiyu wamuona Dalitso lero lomwe, adziwa chiyani? Koma anali atatembenukira kale kwa mwanayo. "Nsapato zachita bwanji?" Atatero anangodikira.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Ndikukumbuka fungo la polishi wa pansi, ndi anyamata a minibasi akuitanira anthu a m'tauni kumsewu. Lilime linkandiyabwa. Amayi anayamba kupotokola nsonga ya chitenje chawo. Ba Mulenga sanabwereze funso, ankangosanja zitsekero pamzere ngati alibe kwina kopita. Dalitso anandiyang'ana kuti ndimupulumutse monga mwa masiku onse. Ndinaluma mlomo n'kuyang'ana pansi.

"Zibaba," anatero Dalitso pomaliza, ndi timawu tosasa, kunena kuti zikumupweteka. "Nsapato zibaba."

Ba Mulenga anamuvula pang'onopang'ono. Zala zake zinali zitapindika, ndipo kuchidendene kunali matuza, ena ophulika kale. Miyezi itatu ndinkamuveka nsapatozo m'mawa uliwonse, n'kumauza aliyense kuti amazikonda, chifukwa ankaziloza nthawi zonse.

"Bamake Misozi, uyu mwana akamba," anatero ba Mulenga kwa amayi. "Chabe kulibe wamene amamulindila. Mubwele naye pa Mande."

Ine sanandikalipire, ndipo akanandikalipira zikanandipepukira. Pobwerera ndinamubereka Dalitso wopanda nsapato, ndipo kwa nthawi yoyamba tinafika ku Kabwata ine ndisanalankhule kanthu. Nkhani ya ku Katete inathera pomwepo.

Nditakula ndinaphunzitsa ana aang'ono kwa zaka zingapo, ndipo tsopano ndimachita kafukufuku wa kakulidwe ka ana. Sindiyenda ndi mapepala ochongapo mayankho. Ndimakhala pamphasa m'masukulu a mkaka a ku Chelstone ndi ku Woodlands, kope pamwendo, n'kumalemba zimene ana amachita ndi zimene amanena m'mawu awo omwe. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa ntchitoyi onse amagwa m'mbuna imodzi: mwana akachedwa kuyankha, amathamangira kumumalizira. Ndimawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo n'kuseka kuti wolalikira kudekha ndi ine, wolongolola chonchi.

Chimene sindiwauza kawirikawiri n'chakuti Dalitso sanatsekedwe pakamwa ndi matenda kapena ndi munthu wankhanza. Ndinamutseka ine, amene ndinkamukonda kuposa aliyense, ndipo zimenezi zimandiwawabe.