A Khutulani ndi Mtondo Wachitsulo

Tinkawatchula kuti a Khutulani, ndipo ophunzira ambiri anachoka osadziwa kuti bamboyo ali ndi dzina lina. Dzinali linabadwira pakhomo la labotale yathu, pomwe ankaima m'mawa uliwonse ndi mbale yapulasitiki. "Khutulani m'matumba," ankatero. Makiyi, mapini a m'mutu, chowengera zikhadabo, zonse m'mbale. Ngakhale a Pulofesa ankavula lamba ife tikuona, n'kulowa atagwirizira thalauza ndi dzanja.

A Khutulani eni akewo lamba sankavala n'komwe. Thalauza ankamanga ndi chingwe cha nsalu chomwe akazi awo anawasokera, ndipo tinkawaseka nacho kumbali. Sukulu anasiyira panjira, n'kukhala zaka zingapo akukonza mawotchi pakhonde la sitolo ina. Kumeneko n'komwe anadana ndi maginito, poti wotchi ikangogona pafupi ndi sipika ya wailesi inkayamba kuthamangitsa nthawi. Ku labotale analowa ngati otsuka mabotolo. Pomwe ine ndinkafika anali atathako zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ufa uliwonse wamankhwala wopita m'ng'anjo unkadutsa m'manja mwawo.

Ntchito yathu inali kupanga timibulu totuwa, tangati mabatani a jekete, tomwe tikazizira kwambiri timalola magetsi kudutsa popanda chowabweza. Mabuku ndinalimbana nawo miyezi itatu osatolapo kanthu. A Khutulani anandimasulira tsiku limodzi, tikutsuka mabotolo.

"Mayi, maelekitironi aja ali ngati nguli, aliyense amazungulira. Kukazizira amagwirana awiriawiri, uyu kuzungulira chakuno, mnzake chauko, ndiye amayenda osapunthwa. Koma kachitsulo kali ndi maginito akeake. Kakangokhala panjira kamatembenuza mmodzi, basi awiri aja asiyana. Kachitsulo ndi mlamu wamiseche, mayi. Safunika ambiri kuti mabanja athe."

N'chifukwa chake ufa ankaperera mu kamtondo ka mwala wosalala, komwe ankakatsekera m'kabati. Kiyi wake anali wamkuwa, ndipo ankakhala m'khosi mwawo. Ophunzira sitinkaloledwa kupera tokha.

Loweruka lina masana, m'chaka changa chomaliza, ndinapita ku labotale ndekha. Masiku anali atandithera, ndipo a Khutulani anali kuchipatala ndi akazi awo. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinalibe nthawi ya nkhono. Ndinalowa m'chipinda choyandikana nafe, cha ophunzira za miyala, n'kutenga mtondo wawo wachitsulo. Ufa wathu ndi wolimba, umapala chitsulo. Ndinkadziwa bwinobwino, moti funso limenelo ndinali nditakhoza pamayeso.

Ndinapera ola lathunthu, ndinaumba timibulu, ndinaika m'ng'anjo. Mtondowo ndinatsuka n'kuubisa pansi pa sinki kuti ndidzaubweze Lolemba. Kenako ndinatsegula buku lomwe tinkalembamo ntchito zonse. Pamzere wa munthu wopera ndinalembapo dzina la a Khutulani, tsiku n'kuikapo Lachisanu. Ndinalemba mosazengereza, ndipo mpaka lero chimenecho n'chomwe chimandichititsa manyazi kwambiri. Lolemba mtondo uja sindinaupeze, ndipo ndinangoti eni ake autenga.

Chitsulo sichibisika. Poyeza timibulu tanga, mzere wa pakompyuta womwe umayenera kugwa mpaka pa ziro unachedwa kugwa, ndipo unkachita kutsetsereka monyinyirika. Makina oyeza maginito anaonetsanso kamchira kokwera komwe sikankayenera kukhalapo. A Pulofesa anatisonkhanitsa tonse.

"Muli chitsulo umu. Chalowa bwanji? Wapera ndani?"

Anatsegula buku n'kuwerenga dzina mokweza. A Khutulani sanandiloze. Anangondiyang'ana, nthawi yokwana kupuma katatu. Kunama m'buku limenelo kunali kochotsetsa munthu mu labotale, ndipo chaka changa chikanapita pachabe. Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Ngati buku latero, bwana, ndiye kuti ndine," anatero. "Kapena maso ayamba kutha."

Sanawachotse ntchito. Anangowalanda kiyi wamkuwa uja n'kuwatumiza kuchipinda chosungira katundu, kukakankha masilinda a gasi. Mbale anapatsa munthu wina yemwe ankaigwira maso ali pafoni. Ine anandionjezera miyezi itatu poti vuto silinali langa, ndipo ndinakhoza bwino. Chaka chotsatira a Khutulani anapuma pantchito. Sindinapite kokatsanzikana nawo.

Pano ndimaphunzitsa. Chaka chilichonse ndimafotokoza za nguli ndi mlamu wamiseche, ophunzira n'kuseka, n'kumati amayiwa ndiye odziwa kufotokoza. Ndakhala ndikulandira kuyamikako zaka zisanu ndi zinayi. Mwezi wathawu mtsikana wina anandifunsa komwe ndinatenga fanizoli. Loweruka lake ndinafunsira njira yopita kwa a Khutulani.

Amakhala kuseri kwa galaja ina, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Akazi awo ananditsegulira, anandizindikira, anandilonjera mwaulemu wozizira n'kulowa kuchipinda. A Khutulani ndinawapeza patebulo, kagalasi kali padiso, akutokosa wotchi yapakhoma ya anansi awo. Thalauza linali lomanga ndi chingwe chomwe chija.

Ndinaulula mlandu wanga ndi mawu onse omwe ndinakonza m'basi, koma anatuluka mosokonekera, ena kawirikawiri. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anachotsa kagalasi kaja.

"Ndikudziwa, mayi. Mtondo uja ndinakabweza ndine Lolemba m'mawa. Munatsuka ndithu, koma simunapukute. Unali utayamba dzimbiri."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Ndikananena, mukanachoka opanda pepala lanu. Komanso ndinkati munena nokha, ngakhale kwa ine ndekha. Tsiku lija ndinadikira. Mawa lake ndinadikiranso." Anatembenuza wotchi ija n'kupukuta fumbi ndi chala. "Kosungira katundu kuja chitseko ndinkachisiya chotsegula, ngakhale kukuzizira, poti njira yanu yokakwerera basi inali yomweyo. Ndinkangoti mwina mwasintha basi."

Chitseko chimenecho ndinkachidziwa. N'chifukwa chake miyezi yonse ija ndinkazungulira kuseri kwa nyumba, njira yodutsa kudzala.