Kofiya ya a Guled Pamkeka

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene mliri wa korona unatitsekera mu Perth, ku Australia, ngati nkhuku m'khola. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala banja la Asomali, ndipo mwana wawo Hodan anali mnzanga wa pondaapanepondepo. Bambo ake, a Warsame, ankayendetsa thiraki ku Kewdale, depoti imodzi ndi adadi anga.

Agogo ake aamuna a Hodan, obereka mayi ake, anamwalira masiku amene boma linkalola anthu owerengeka okha kumaliro. Amene anawadwazika mpaka tsiku lomaliza anali a Warsame, mkamwini wawo: kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwameta. Koma osankha opita kumanda anali a Guled, mkulu amene Asomali a dera lathu anamuika kukhala mtsogoleri wawo. A Guled anali a fuko limodzi ndi malemuwo. A Warsame anali a fuko lina, limene linamenyanapo ndi la a Guled pa nkhondo ya kwawo. Malo omaliza a Guled anapatsa mkulu wina wotchuka wa fuko lawo, yemwe sanabwereko n'kamodzi komwe kudzazonda matenda. A Warsame anatsala pakhonde atavala kale zakumaliro.

Zinaipa, abale. Nkhondo imene anthuwa anaithawa kutsidya kwa nyanja inawapeza konkuno. Mafuko awiriwo anasiya kupatsana moni. A Warsame anakwiyira akazi awo kuti sanawalankhulireko, nanyamula chikwama kukakhala kwa mnzawo ku Malaga, dera lina la mu Perth momwemo. Hodan, amene ankati akaseka galu wa aneba n'kuyamba kuuwa, anangoti zii. Tsiku lina anandiuza pampanda paja kuti, “Tadala, amalume akuti banjali lingotha basi.” Ndinangolira naye.

Malamulo atafewa pang'ono, akuluakulu a mbali zonse anagwirizana zokumana. Nanga akumane kuti? Maholo anali otseka, ndipo palibe amene akanaponda pakhomo pa fuko linalo. Ndiye anabwera kwa adadi, amvekere inu Amalawi mulibe mbali, tibwerekeni kuseri kwanuku. Adadi kunyada kwake! Anakabwereka mipando kutchalitchi, amayi n'kukazinga mandasi ngati kuli chinkhoswe.

Loweruka lakelo oyamba kufika anali a Guled, okhaokha, atasenza mikeka. Anali aatali, ndevu zopaka utoto wofiira, kumutu atavala kofiya yoyera yopeta, kachipewa kaja amavala Asilamu. Anapempha kuti mipando ichotsedwe. Kenako anagwada ndi mawondo awo okalambawo n'kuyala okha mikeka pa kapinga, motalikirana monga mwa lamulo la korona. Hodan anandinong'oneza kuti kwawo mtendere umayamba ndi munthu woyala mkeka.

Anthu atakhala, a Guled sanakhale pamkeka ayi. Anakakhala pamchenga, pansi pa chingwe chathu choyanikira zovala. Ine, mwana woleredwa bwino ndi amayi anga, ndinathamanga ndi mpando n'kugwada.

“Agogo, khalani apa.”

Anandimwetulira. “Zikomo mwana wanga. Lero ndabwera kudzamva mlandu wanga. Woimbidwa mlandu sakhala pamwamba pa omuweruza.”

Koma zimene ndinaona tsikulo! Ine ndinakula ndikumva kuti wamkulu salakwa. Kutchalitchi kwathu mkulu wa mpingo akalakwitsa nyimbo, tonse tinkalakwitsa naye limodzi. Apa anthu ankaimirira mmodzimmodzi kudzudzula mtsogoleri wawo, iye ali pomwepo. Ankalankhula Chisomali, Hodan n'kumandimasulira. Mnyamata wina woyendetsa takisi, ndevu zisanamere bwino n'komwe, anati, “Tinakuikani kuti mukhale wa tonse, inu n'kumakawerenga magazi.” Mayi a Hodan analankhula ali pamkeka wa amayi: “Inu munaopa abale anu, ine ndinaopa inu, koma wovulala ndi mwamuna wanga.” A Guled sanadule mawu munthu. Dzuwa linkawawomba, ntchentche za ku Perth zija zosamva kuingitsa zikutera pankhope, iwo ali duu, kumvetsera.

Omaliza anali a Warsame. Sanakalipe. Anangoti, “Munthu uja ndinkamutchula kuti bambo. Mpaka lero sindidziwa pamene anagona.”

A Guled anaimirira pang'onopang'ono n'kuvula kofiya. Ndinali ndisanawaonepo osavala kanthu kumutu. Kunali kadazi, kamutu kakang'ono ka nkhalamba wamba. Kugwirana chanza kunali koletsedwa, choncho anaika kofiyayo pamkeka patsogolo pa a Warsame n'kubwerera m'mbuyo.

“Ndinalakwa,” anatero. “Boma linandiuza kuchuluka kwa anthu, koma mayina ndinasankha ndine. Utsogoleri wanga ndi umenewo. Mukafuna, usiyeni pomwepo.”

Ndinachita mantha a mtundu wina, ngati aja umachita kutchalitchi nyimbo ikakufika pamtima. Adadi, amene anaima pambali panga ndi ketulo ya tiyi, ananong'ona m'Chichewa: “Mutu ukakula sulewa nkhonya. Lero ndaona ndi maso angawa.”

A Warsame anaiyang'ana kofiya ija nthawi yaitali. Hodan anandifinya dzanja mpaka kupweteka, malamulo a korona titawaiwaliratu. Kenako bambo akewo anaitola, naikuntha bwinobwino, koma sanaibweze.

“Nditengereni kaye kumanda. Mukandionetse ndinu. Tikabwerako, anthuwa ndi amene anene ngati muivalenso.”

Anakwera galimoto ya a Guled, mwini wake ali pachiwongolero mutu uli pamtunda, a Warsame ali kumbuyo kofiya ili pamwendo. Galimoto isanasunthe, mayi a Hodan anadzuka pamkeka, natsegula chitseko n'kukhala pambali pa amuna awo.

Atabwerako anthu anakangana ndithu, mpaka mandasi onse kutha. Pomaliza a Guled anawabwezera kofiya yawo, koma anawaikira mkulu wa fuko la a Warsame woti azigamula naye limodzi nkhani zonse.

Pano ndikuphunzira ku yunivesite ku Bentley, ndipo ndamvapo atsogoleri ambiri, akumudzi ndi akuno omwe, akunena kuti “zinthu zinalakwika”, ngati kuti zinthu zimalakwa zokha. Ndikawamva ndimakumbuka mpando uja ndinabwerera nawo mwamanyazi. Ndinkaganiza kuti ndikupulumutsa ulemu wa nkhalamba. Sindinkadziwa kuti ulemu wake unali pamchenga pomwepo, ndipo kuti mawu akuti “ndinalakwa” akachoka pakamwa pa wamkulu amatha kubweza munthu kunyumba kwake.

Chifukwatu m'mawa wotsatira msonkhano uja Hodan anandiitana pampanda paja. Anangoloza pakhomo pawo, pamene panali nsapato zazikulu zakuntchito za a Warsame, pafupi ndi masilipasi a mayi ake.