Tsiku limene Chingerezi chinandithawa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8 pasukulu ina yamishoni kufupi ndi Bowe. Fodya anali atapachikidwa kale m'zigafa, ndipo mphepo yochokera kumapiri a Ntchisi inkating'amba milomo. Aphunzitsi athu a Chingerezi, a Kamwendo, anabwera ndi sewero lakalekale la ku Mangalande. Anatiuza kuti amene analilemba anali wochita zisudzo, ndipo ankatenganso masewero a anzake n'kuwakonza mwatsopano kuti akomere anthu a m'nthawi yake. Nawonso a Kamwendo anadulamo zambiri. Mfumu imene inkanyozedwa m'menemo anaichotsa, poti masiku amenewo mawu otere ankasowetsa munthu. Anangosiya nkhani ya bambo wokakamiza mwana wake kukwatiwa ndi nkhalamba yolemera.

Mwana wamkaziyo ndinali ine. Chimene aphunzitsi sankadziwa n'chakuti amalume anga, a Zakeyo, anali atavomera kale bambo wina wachikulire wa ku Chisepo, wotsala ndi mano awiri okha, mwini ngolo ndi ng'ombe, kuti adzanditenge ndikangolemba mayeso. Amayi ankangoti, "Eni mbumba anena, ine ndingatani?"

Tsiku la makolo bwalo linadzaza. Tinalumikiza mabenchi kukhala nsanja, ndipo mnzanga Lemani, mwana wa mwini sitolo, anamata ndevu zakhonje kuti akhale bambo wanga. Lamulo linali lakuti tilankhule Chingerezi chokhachokha. Wolankhula Chichewa pasukulupo ankakumba dzenje la zinyalala. Tinayamba bwino, koma makolo ankangotiyang'ana ngati akumvera mvula padenga. Ena anayamba kusenda mtedza.

Itafika nthawi yoti ndikane ukwati, maso anga anagwera pa amalume, atakhala kutsogolo chipewa chili pabondo. Mawu onse amene ndinaloweza anabalalika. Khanda lina linkalira kumbuyo. Kenako pakamwa panga panatseguka pokha.

"Atate, ngati ng'ombe zakezo mwazikonda, kakhaleni nazo ndinu. Ine ndikufuna sukulu."

Lemani anali wochenjera, sanachedwe. Anagwedeza ndevu zija n'kukuwa, "Iwe mwana, ukuyankha ine?"

"Si mwano ayi, atate. Ndikungofunsa: munthu wa mano awiri, chimanga chokazinga ndizidzamutafunira ndine?"

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Amayi ena anaimba nthungululu, wina n'kufuula, "Auze, mwana iwe!" Amene ankasenda mtedza anausiya. Tinapitiriza choncho mpaka kumapeto, anzathu onse atatitsatira m'Chichewa, ndipo anthu anaimirira kuti aone bwino.

Titatsika, ndinkadikira khasu lokumbira dzenje. A Kamwendo anandiitana.

"Felesiya, Chingerezi chija chinapita kuti?"

"Chinathawa, aphunzitsi."

"Chileke. Mwini seweroli akanakhala pano akanakuombera m'manja. Nayenso ankayang'ana nkhope za anthu, osati pepala."

Mwezi womwewo tinalikonza lonse m'Chichewa, n'kukalionetsa mpaka ku Mvera.

Koma chigamulo chenicheni chinali panjira yobwerera kumudzi. Amalume ankayenda patsogolo, ine ndi amayi pambuyo. Titafika pamtsinje anaima, mapewa awo akugwedezeka. Ndinayesa akwiya, koma ankaseka mpaka misozi.

"Mano awiri! Mwana iwe ulibe chisoni." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ukakhoza mayeso, upita kusekondale. Wa ku Chisepo uja ndikalankhula naye ndekha."

Amayi anandifinya dzanja. Mayeso ndinakhoza, ndipo amalume omwewo ndiwo anandinyamulira sutikesi panjinga kukandikweza basi.

Lero ndakalamba ndikuphunzitsa ana, Chingerezi chomwecho. Ndimachikonda, chinanditsegulira makomo ambiri. Koma ndinazindikira kuti nkhani, ngakhale ichokere kutsidya kwa nyanja, imayamba kugwira ntchito ikalankhula ngati mwana wa pakhomo. Zimene sindikanatha kuuza amalume nditagwada pakhonde pawo, ndinawauza nditaimirira pamabenchi, iwo n'kumva.